Nyale ya Tcheni ya M'chipinda cha Ababa

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Kutentha. Phulusa la nzimbe lagweranso pa zovala zomwe ndinayanika. Nchalo nthawi ino.

Ababa agwa lero. Osati kwambiri. Ndinali kutsogolo kuno pa makina, ndikusoka mayunifolomu a ana a sukulu, ndinangomva chidebe chikugubuduzika. Ndawapeza pansi, m'kampata ka pakati pa bedi ndi khoma, dzanja lamanzere lili m'mwamba. Amafuna swichi. Swichi ili pafupi ndi chitseko, ndipo chidwalireni sitiroko mbali yawo yonse ya kumanja ndi yakufa. Akanafika bwanji.

Chipinda chija ndi mdima ngakhale masana. Kale ankasungiramo matumba a thonje. Eni nyumba anaboola kawindo, aneba anadzamanga khoma lawo pomwepo. Chichokereni kwa Makhuwira madzi atatitengera nyumba, malo athu ndi omwewa. Bedi, kampando, chidebe. Ukatambasula manja wakhudza makoma onse awiri. Ndikawasiyira getsi la pakati loyaka akuti likuwalasa m'maso. Ndikazimitsa akuti ndawaika m'manda.

Ndawadzutsa ndekha. Msana wanga. Chigongono chawo chasupuka pang'ono, ndapaka mankhwala. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Priska waimba?"

Priska, mng'ono wanga wa ku Blantyre. Sanaimbe.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndinapita kukagula ulusi, ndinadzera kwa Imelda kukamupatsa siketi yake. Mu shopu yake ya zamagetsi wawonjezera katundu. Pakhoma wakhomapo nyale zachilendo. Zilibe swichi, m'munsi mwake mukulendewera katcheni. Ukakoka, yayaka. Ukakokanso, yazima. Ndinaima pamenepo ndikukoka ngati mwana mpaka Imelda anati, "Evelesi, udula iwe. Ukufuna kugula kapena kusewera?"

Maganizo anga anali kale m'chipinda cha ababa.

Zilipo za mitundu itatu. Yagolide, ya galasi longa duwa la dzungu. Yokongola ndithu, koma yatundumuka kwambiri pakhoma, m'kachipinda kaja ingandiboole mutu. Ina yakuda, ya khosi lopindika, umailozetsa komwe ukufuna. Imeneyo ndi ya munthu wowerenga kapena wosoka, ababa ndi dzanja limodzi angavutike nayo. Ndiye yoyera, yophwatalala ngati mbale yovundikira pakhoma. Si yagalasi, singasweke. Kuwala kwake kofatsa. Tcheni chake chachitali kuposa zinzakezo.

Imelda akuti a m'nyumba zing'onozing'ono za kuesiteti ya nzimbe ndiwo amagula, poti sizifuna tebulo, sizidya malo.

Pobwerera ndakumana ndi a Lorenso a kutchalitchi, amene amakonza magetsi. Akuti waya akhoza kutenga pa getsi la pakati, kumuyendetsa m'mphepete mwa denga, osaswa khoma la eni ake.

Sindinakondwepo chonchi kalekale. Chifukwa cha nyale.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndayeza ndi tepi yanga yosokera. Ndinawagoneka chagada, ndinati kwezani dzanja. Pomwe zala zathera ndalembapo ndi choko. Iyenera kukhala khoma la kumanzere, lomwe bedi lagundana nalo, cha kumutu. M'mwamba pang'ono kuti neti isakhudze.

Anandifunsa, "Ninji?" Masiku ano Chisena cha kwawo ku Mutarara ndicho chimatuluka msanga, Chimang'anja chimawakakamira pakamwa. Ndinati muona, musafunse.

Madzulo ndamuimbira Priska. Anayankha nditayesa kangapo. Ndamuuza za kugwa kuja. Ndamutumizira zithunzi za nyale zonse, ndamufotokozera chifukwa chake ndasankha yoyera. Anati, "Koma achemwali muli ndi nzeru. Yagolideyo ndiye kukongola kwake." Ndinati yokongola inde, koma si ya muno. Anati mm. Mwana wake analira, foni inaduka.

Mayunifolomu ndikapereka Lolemba ndidzera kwa Imelda. Wandisungira.

Loweruka, 11 Okutobala

Abwera osanena. Galimoto ya a Dennis, mwamuna wa Priska, yaima pakhomo ndili ndi thovu m'manja. Priska watsika ndi katoni.

Ndinadziwa asanatsegule.

Yagolide. Yaikulu kuposa ya kwa Imelda, waigula ku Limbe. Analowa nayo molunjika kwa ababa, anagwada m'kampata kaja ndi diresi lake loyera. Ndinali pachitseko. Ndamva ndi makutu angawa. "Ababa, ine tulo sindinapeze, ndimangoti kodi ababa anga akafuna kuwala amatani? Ndiye ndaganiza izi."

Ndaganiza izi.

A Dennis anabwera ndi zida zawo. Anayang'ana uku ndi uku, anati waya ali pafupi ndi mbali ya swichi, tiike pomwepa. Khoma la kumanja. Ndinati alamu, mbali imeneyo ndi yakufa, onani choko changa chili uko. Anati, "Musadandaule alamu, tcheni chifika." Priska anaseka, anati achemwali kukonda kulamula. Ndinatuluka, ndinakapala nsomba za makakana kuseri.

Anandiitana kuti ndidzaone. Priska anagwira dzanja lawo lamanzere, analiwolotsa pachifuwa, analikokera mpaka pa tcheni. Inayaka. Chipinda chonse chikasu. Ababa anatsegula pakamwa, misozi inatsika tsaya limodzi. "Takhuta, mwananga. Takhuta." Kuthokoza kwa kwawo, mawu onse omveka bwino.

Ine ndimawasambitsa. Ndimawapukuta. Ndimataya chidebe anthu asanadzuke kuti asachite manyazi. Takhuta sindinamumvepo.

Adya nsomba, ayamikira, anyamuka dzuwa lisanapendeke. A Dennis sakonda kukwera phiri la Chikwawa kutada.

Lamulungu, 12 Okutobala

Amayi a mumpingo anabwera kudzawapempherera. Analowa mosinthana poti sakwanamo. Aliyense wolowa, ababa akuloza nyale. "Priska." Aliyense wotuluka, "Koma mwana uja ali ndi mtima." Wina anachita kundigwira phewa, akuti ndiziyamika Mulungu pondipatsa mng'ono woganizira makolo.

Ndinati ameni.

Nyaleyo ndaigunda ndi mutu powanyamula ababa. Ndaigundanso powabwezera. Ili pamwamba penipeni pa pomwe ndimawerama. Pachipumi patupa.

Okha safikira. Amapotoza thupi lonse, zala zimangokhudza tcheni n'kuchiphonya, chimangogwedera. Akalephera amandiitana. Ndikakoka ine, amayang'ana nyale n'kumwetulira.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Imelda anandiona ndikudutsa, anati nyale yako ija ili pansi pa kauntala. Ndinati gulitsa. Ndamuuza zonse nditakhala pa katoni ya mawaya. Anamvetsera akudya malambe, kenako anati, "Bwanji sunanene pomwepo kuti nzeru zinali zako?"

Kunena kwa yani? Kwa munthu amene akulira ndi chimwemwe? Ndingaoneke bwanji, mayi wamkulu ngati ine, ndikukangana ndi mng'ono wanga za amene anayamba kuganiza nyale?

Ndi momwemo kuyambira kale. Amama atayamba kudwala, wosiya sukulu ndinali ine, chifukwa ndinali wamkulu. Priska ankakwezedwa panjinga ya ababa mpaka pa siteji, bokosi lake kumbuyo. Akabwera ku holide ankawawerengera nyuzipepala ya Chingerezi pansi pa msawu, iwo osamva kanthu koma akuitana anzawo kuti adzamve. Ine ndikupita kudimba ndi khasu.

Sindimuda. Ndimamufunira zabwino. Kungoti akalowa m'nyumba ine ndimasanduka mpando.

Galasi lija ladzaza kale tizilombo takufa. Likayaka kanthawi likutentha moti sungaligwire. M'chipinda chopanda mphepo, mwezi uno.

Lachisanu, 17 Okutobala

Pang'ono agwenso. Ndawapeza theka la thupi lili kunja kwa bedi, akusakasaka tcheni.

Ndinaitana a Lorenso kuti aisamutsire khoma la kumanzere. Atangokweza sikuludiraiva, ababa anakuwa. "Nkhabe. Nkhabe." Ayi wawo wa Chisena. Anamenya matiresi ndi dzanja, malovu akutuluka. "Ya Priska." A Lorenso anatsitsa manja, anandiyang'ana, anati, "Mayi, tisawakweze magazi. Isiyeni pomwepo."

Atapita ndinakhala pa makina osaponda. Kenako ndinatenga tinsalu totsala, ndinasoka chingwe chachitali, cholimba, chosalala kuti chisawacheke. Kumapeto ndamangirira chibobini chamtengo chakale kuti chikwane m'chikhatho. Ndachilumikiza ku tcheni, ndachidutsitsa pa msomali wa neti, chikutsikira pafupi ndi dzanja lawo lamanzere. Nyale sindinaikhudze, ndiye sanakane.

Anakoka. Inayaka. Anakokanso. Inazima. Anachita zimenezo mpaka ndinatopa kuimirira. Okha, osapotoka, osaitana munthu.

Phala la mapira amaliza lonse lero.

Ndinadikira pachitseko ndi mbale m'manja. Sindikudziwa chomwe ndimadikira.

Lamulungu, 19 Okutobala

Priska waimba ya vidiyo. Ndinawagwirira foni. Anafuna kumuonetsa, anakoka chibobini, nyale inayaka, anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Priska anawomba m'manja. "Mwaona ababa, ndinanena kuti muzolowera."

Kenako anayandikitsa nkhope. "Achemwali, chansanza chikulendeweracho n'chiyani? Chikuipitsa nyale. A Dennis akadzabwera adzaika tcheni chenicheni."

Ndinati chabwino.

Nkhope yake pafoni yosalala, kumbuyo kwake makatani akugwedezeka. Kwawo kuli mphepo. Ine m'kangodya ka foni, thukuta, chotupa pachipumi, duku lopindika. Tinabadwa kwa mayi mmodzi.

Masana onse ndasoka mkono wa malaya motembenuza, ndamasula, ndasokanso motembenuza.

Lachitatu, 22 Okutobala

Ndinachichotsa chingwe m'mawa. Ndinati chada, ndikachape. Sichinade.

Ndinachiyanika kuseri. Ndi dzuwa la kuno chinauma ndisanamalize kutsuka mbale. Ndinachisiya pomwepo. Ndinati nyale ya Priska iwayatsire yokha.

Ndinakhala pa makina, khutu lili kuchipinda. Ndimati andiitana. Akaitana ndipita, ndiwayatsira, adziwe. Sanaitane. Masana ndinalowa ndi madzi akumwa, ndinawapeza mumdima, maso ali pa msomali wa neti, dzanja likutseguka ndi kutsekeka pa bulangeti.

Ndinathamanga kukachitenga. Ndinachimangiriranso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo sanakoke mpaka nditatuluka.

Chakudya chandikanika. Munthu wodwala, bambo anga. Evelesi, wafika pamenepa?

Loweruka, 25 Okutobala

Priska wabwera yekha pa minibasi. Wopanda katoni. Ndinadziwa kuti pali nkhani.

Anandikokera kuseri, pa mpope. Akuti wapeza malo kwa madokotala olimbitsa ziwalo, a fiziyo, ku Blantyre. Akuti munthu wa sitiroko akamaphunzitsidwa amatha kuyambiranso kuyenda, koma afunika kupita pafupipafupi. A Dennis akonza kale chipinda, cha windo lalikulu. Kulibe kutentha kwa kuno. Awatenge miyezi ingapo.

Ndinati ukudziwa kuti amatsamwa ukawamwetsa atagona? Ukudziwa mbali yomwe amatupa zilonda? Unawasambitsapo? Unaonapo maliseche a bambo ako iwe?

Sanakwiye. Bola akanakwiya. Anati, "Ndiphunzira, achemwali. Inuyo mwatopa. Taonani mmene mwathera, makosi okhaokha." Anandigwira dzanja. Ndinalichotsa.

Ndinati unatenga nyale, tsopano ukutenga mwini nyale. Anati nyale yatani? Nkhope yake yodabwa zenizeni. Sakukumbukira n'komwe. Kwa iye anangoona chithunzi, anagula, basi. Ine ndakhala ndikudwala nazo masiku onsewa, iye osadziwa kuti pali kanthu.

Tinati tiwafunse eni ake. Mumtima ndimati akana. Azolowera manja anga. Priska anagwada, anafotokoza pang'onopang'ono. Ine pachitseko, malo anga.

Sanachedwe. "Ande." Inde.

Kenako analoza nyale. Akuti ipite nawo.

Choipa n'chakuti Priska akunena zoona. Kuno ndingawapatse chiyani choposa phala ndi kuwatembenuza?

Lachinayi, 30 Okutobala

Ntchito za anthu ndaziimika. Ndikuwasokera malaya otsegula kutsogolo, a mabatani akuluakulu, kuti Priska asavutike powaveka. Mathalauza a lasitiki. Kumtunda kumazizira, ndagula juzi pa kaunjika, ndafupikitsa manja.

Bwanji ndikumupeputsira ntchito? Sindikudziwa. Manja akungochita.

Powameta ndevu lero ndinawauza kuti kumeneko azidya, asamakane mankhwala, akafuna chidebe anene msanga asachite manyazi ndi a Dennis. Anatseka maso. Ndinafuna kufunsa ngati adzandisowe. Ndinafunsa ngati lumo likuwawa.

Loweruka, 1 Novembala

Apita.

A Dennis anamasula nyale, anakulunga galasi mu thawulo, anabwezera m'katoni. Mawaya otsala pakhoma anawamata tepi yakuda. Chingwe changa Priska anachimasula bwinobwino, anachipinda, anachiika pa pilo. "Ichi ndi chanu, achemwali."

Powalowetsa m'galimoto anayesa awiriwiri, zinakanika, ababa anabuula. Ndinati patukani. Dzanja kukhwapa, bondo kutsogolo kwa bondo lawo lakufa, kuwerengera mumtima, kukweza. Analowa ngati mwana. Priska anati mundionetsenso. Nthawi inalibe, a Dennis anali ataliza kale injini.

Katoni anafuna ikhale pamiyendo pawo. Anaikumbatira ndi dzanja lamanzere. Ndiye dzanja lotsanzikira panalibe.

Ndinayenda pambali pa galimoto mpaka pa msewu wa tala. Pobwerera mayi wa eni nyumba anati, "Mwapumatu tsopano." Ndinati eya.

Ndatsuka chidebe. Ndachivundikira kuseri.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndikumadzidzimuka m'mawa kuti ndachedwa kuwatembenuza. Ndatereka phala la anthu awiri.

Priska waika chithunzi pa foni kuti aliyense aone. Ababa pa bedi lalikulu, mashiti oyera, juzi yomwe ndinagula, nyale ikuyaka pamwamba pawo. Waiika kumanzere. Pansi walemba kuti, Ababa anga afika kunyumba.

Kunyumba.

Asuweni a ku Nsanje, anzake a kuntchito, ngakhale amayi a mumpingo mwathu muno, onse akumudalitsa. Ndachiyang'ana chithunzicho, ndachikulitsa, ndafufuza ngati pilo waika bwino. Waika bwino.

Sindinaimbe. Akafuna aimba.

Lachinayi, 13 Novembala

Mitambo ikusonkhana kumapiri a Thyolo, mvula osagwa. Anthu akwa Makhuwira ayamba kale kuyang'ana mtsinje.

Ndasamukira m'chipinda cha ababa. Nthawi yonseyi ndimagona pamphasa pambali pa makina. Bedi likununkhabe mafuta omwe ndinkawapaka.

Mawaya omata tepi aja amandiyang'ana. Ndinapita kwa Imelda. Yoyera ija inagulidwa kalekale, akuti anatenga mphunzitsi wina wa kwa Maseya. Yatsala yagolide ndi yakuda. Imelda ananditsinzinira, anati tenga yagolide ufanane ndi a m'tauni. Ndinamutukwana, tinaseka.

Ndinaima nthawi yaitali. Ndazolowera kufunsa kuti kodi ababa afikira, kodi siwalasa m'maso. Lero panalibe womuganizira. Ndinapinda khosi la yakuda ija uku ndi uku. Ikhoza kuloza pa pilo. Ikhoza kuloza pamiyendo ndikamasoka mabatani ndi kupinda m'munsi mwa masiketi. Siitulukira kwambiri ukaikhotetsera kukhoma. Maso anga ayamba kuvuta pa ulusi wakuda.

Ndatenga. A Lorenso aika masana, pomwe ndawalozera ine. Anafunsa kuti akuluakulu akupeza bwanji kumtunda. Ndinati bwino. Zoona zake sindikudziwa, ndimangoona zithunzi.

Chinthu choyamba kudzigulira ndekha chichokereni kwa Makhuwira. Ndakoka tcheni, ndakhala pabedi, ndalira pang'ono. Kenako ndamaliza mabatani a diresi la eni ake.

Lolemba, 24 Novembala

Priska waimba m'mawa ndikudula nsalu za ukwati. Ndinaiona foni ikulira. Ndinamaliza kaye mzere wonse ndi sizasi.

Mawu ake osasa. Palibe moni. "Achemwali, mumawasambitsa bwanji kuti asakwiye?" Akuti amukankha, beseni lagwa. Akuti msana ukumupweteka, kuntchito amuchenjeza za kuchedwa, mtsikana wantchito wathawa chifukwa cha chidebe. Akuti ababa pathako payamba kufiira. Kenako analira. "Inu munkatha bwanji nokha?"

Ndisaname. Ndinamva kukoma. Kunayambira m'mimba mpaka kumaso. Ndinakhala pansi kuti ndikumve bwino.

Ndiye ndinamuuza. Madzi ofunda, osati otentha, ayese ndi chigongono. Ayambe kumapazi, asayambe kumaso. Awafunditse chitenje pakati, asachichotse, asambitse pansi pake osayang'ana. Azilankhula za kudimba kapena za mpira, asamati pepani pepani, amadana nazo. Pofiirapo apake mafuta, awagoneke chammbali, pilo pakati pa mawondo. Ankangoti eya, eya, ngati mwana wa sukulu.

Kenako anati dikirani, akufuna foni.

Ndinamva kukhwekhwereza. Chitsulo kugunda pansi, phazi kukokedwa, chitsulo kugundanso. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Priska anati, "Ndi iwowo. Akubwera okha ndi choyendera. Sindinakuuzeni, ndimafuna mudzaone ndi maso."

Akuyenda. M'manja mwanga sanapondepo pansi. Kwa Priska akuyenda.

Anapuma kaye mu foni, mpweya wokhawokha. Kenako Chimang'anja, pang'onopang'ono, liwu lililonse pamalo pake.

"Evelesi. Kuno nsomba zake sizikoma. Ubwere Loweruka ndi mlamba wowamba. Usatume munthu. Ubwere iweyo."

Ndinati ndili ndi madiresi a ukwati, ndiona.

Foni itaduka ndinakhala ndi sizasi m'manja. Sindikudziwa ngati ndakondwa kapena ndapsa mtima. Zonse. Nsalu ya mkwatibwi ndaidontheza misozi, mwayi siyothimbirira.

Madiresi ndikalimbikira atha Lachisanu. Mlamba wabwino amabwera nawo mayi wina wa ku Bangula, koma umatha msanga, ndiyenera kukafika pamsika dzuwa lisanatuluke.